Kaulusi Kanali Pansi

Lolemba, 3 Malichi

Lero ku labu kunali ngati kwabadwa mwana. Mwa odwala makumi awiri omwe dzanja linachita dzanzi atadwala sitiroko, khumi ndi asanu ndi atatu akuoneka kuti ayambanso kumva kukhudza. Masabata asanu ndi limodzi akuvala golovesi yathu yonjenjemera, theka la ola patsiku, basi. Pulofesa anaima kutsogolo kwa kompyuta manja ali m'chiuno, akuti, "Ubongo umaphunziranso, anthu inu. Ndakhala ndikunena." A Chipewa, amene amayendetsa kafukufukuyu tsiku ndi tsiku ndipo chipewa savula ngakhale pa msonkhano, anagula mabisiketi. Lachisanu la sabata ya mawa tikutumiza zotsatira ku msonkhano waukulu wa akatswiri a ubongo. Dzina langa lili pachitatu pa mndandanda wa olemba. Ndaliyang'ana kanayi.

Amene ndinawayesa onsewo ndine. Wodwala amatsinzina, ine n'kutenga kaulusi ka nayiloni, kukagunditsa pa chala mpaka kapindike, kenako n'kufunsa, "Chakukhudzani?" Iye amati inde kapena ayi. Tiulusito tilipo tambiri, kuyambira kokhuthala mpaka kopyapyala ngati tsitsi. Asanayambe golovesi ambiri ankamva kokhuthala kokha. Pano akumva ndi tating'ono tomwe.

Chimodzi chokha chikundiluma. Pa zithunzi za sikana, gawo la ubongo lomwe limalandira uthenga wa dzanjalo likadali zii ngati kale. Ndinafunsa a Chipewa, akuti sikanayo ndi yokalamba, imaona zikuluzikulu zokha. Mwina. Iwo ali ndi zaka khumi pa ntchitoyi, ine ndabwera chaka chatha chomwechi.

Pakhoma la chipinda choyesera pali chithunzi cha kamunthu ka manja aakulu ndi milomo yotuta, kosonyeza mmene ubongo umagawira malo ziwalo za thupi. A Sisitala, namwino wathu, amakatcha "mwamuna wanga wakale." Lero anakapatsa bisiketi.

Lachiwiri, 4 Malichi

Sindikudziwa poyambira.

Ndinabwera ndi tiulusi kunyumba kuti ndiwayese Bambo. Iwo sangalowe mu kafukufuku chifukwa ndi abale anga, koma dzanja lawo lamanzere lili chimodzimodzi ndi la odwala athu kuyambira pomwe anagwa ndi sitiroko chaka chatha. Telala wosoka kwa zaka makumi anayi, pano singano saimva pakati pa zala. Amasokabe pang'ono, alamu akazi a achimwene ndi amene amawagwirira nsalu. Ndimawasisita dzanjalo tsiku lililonse ndikaweruka, ndiye ndinati ndione ngati pali kusintha.

Anakhala pa mpando wawo wa pa makina osokera, anatsinzina, akuti, "Yambani adokotala." Amanditcha choncho ngakhale ndawauza kambirimbiri kuti sindine dokotala.

Kokhuthala: inde. Kotsatira: inde. Kachitatu: inde. Mtima wanga myaa. Ndikutenga kachinayi, kanandipulumuka n'kugwera pansi pa makina. Ndinawerama kukafufuza m'tinsalu todula, ndipo pakamwa panangotuluka mawu a chizolowezi, "Chakukhudzani?"

"Inde," Bambo. "Pa chala chachikulu."

Kaulusi kanali pansi. Manja anga onse awiri anali pansi.

Ndinadzuka, ndinafunsanso kasanu osawakhudza n'komwe. Inde kanayi. Kachisanu anati ayi, ndikuganiza pofuna kuti zioneke zenizeni.

Anatsegula maso akumwetulira. "Ndakhoza?"

Ndinadzikakamiza kuseka, ndinati mwakhoza, Bambo.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndinafika ku labu m'mawa anthu asanabwere n'kutsegula ndondomeko yoyamba ya kafukufukuyu. Zilimo, tsamba lachisanu ndi chiwiri: pa maulendo khumi alionse, atatu azikhala opanda kukhudza, kuti tidziwe ngati munthu akungovomera. Pa pepala lomwe a Chipewa anandipatsa nditayamba ntchito mulibe zimenezo. Ndakumbuka tsopano, ananena kuti anazichotsa chifukwa odwala ankatopa, kuyesa kunkatalika. Ndinangovomera tsiku limenelo. Ndinaona ngati ndi chifundo.

A Dalaivala anabwera kudzabweza golovesi. Anayendetsa basi zaka zambiri, ndipo mwa odwala athu onse ndi amene "achira" kwambiri. Ndinawapempha tibwereze pang'ono, a Sisitala ataima pambali akuona. Maulendo khumi osawakhudza. Inde kasanu ndi kawiri.

Nditawauza, anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye mwandigwira! A Sisitala, mwana wanuyu ndi wapolisi wa pamsewu."

Ndinawafunsa chifukwa chake. Anayamba kuseweretsa golovesi ndi dzanja labwinolo.

"Mayi, tsiku loyamba sindimakudziwani. Ayi anali wosavuta. Koma masabata onsewa mwandipatsa tiyi, mwafunsa za mkazi wanga, tsiku la mvula lija munandiperekeza mpaka pa geti ndi ambulera yanu. Ndiye mukamafunsa, mawu anu amakwera kumapeto ngati mwana amene wabweretsa lipoti la kusukulu. Ndinene kuti ntchito yanu ndi yachabe? Komanso nthawi zina ndimaona ngati ndamvadi. Munthu ukafuna kumva, umamva."

A Sisitala anangoti, "Mhm," akupinda thaulo.

Ndiye zomwe takhala tikuyeza si dzanja. Tayeza mmene anthuwa atizolowerera.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndawauza a Chipewa. Ndinakonzekera mawu m'basi yonse, koma nditalowa mu ofesi mwawo anatuluka mopingasa.

Funso lawo loyamba: "Unachita zimenezo ndi chilolezo cha ndani?"

Funso lachiwiri: "Anthu angati? Mmodzi? Ndi bambo ako, omwe sali mu kafukufuku?"

Kenako anafewetsa mawu, zomwe zinandipweteka kuposa kukalipa. Akuti aliyense amachita mantha zotsatira zake zoyamba zikatuluka bwino. Akuti ndili ndi mutu wabwino koma ndimakonda kudzikayikira, iwo anaziona kalekale. Akuti tikatumiza kaye, zoyesanso tidzachita bwinobwino chaka chamawa. Ndipo pomaliza, akuyang'ana pa kompyuta osati pa ine: "Usaiwale kuti woyesa unali iweyo. Zikavuta, funso loyamba lidzakhala la iwe."

Zoona zimenezo. Mawu okwera kumapetowo ndi anga.

Ndinatuluka n'kukakhala pa masitepe a kuseri, pomwe amaunjika mipando yothyoka. Mwina akunena zoona. Anthu awiri si umboni. Mwina a Dalaivala ndi munthu wanthabwala chabe. Mwina ndikufuna kungooneka wochenjera. Ndakhala chonchi kuyambira ku sekondale, yankho ndili nalo koma dzanja osakweza, mpaka wina anene, kenako ndizidziuza kuti ndinadziwa.

Koma kaulusi kanali pansi. Chimenecho sindikuchikayika.

Lachisanu, 7 Malichi

Sindinawapatse moni woyamba a Chipewa. Kanthu kakang'ono, koma kwa ine ndi nkhondo.

Loweruka, 8 Malichi

Ndikuwasisita Bambo, ndinatembenuza dzanja lawo n'kupeza thuza lalikulu m'mbali mwa chikhatho, lina litaphulika kale. Analibisa ndi mkono wa malaya. Masiku awiri apitawa ankakana kuti ndiwasisite, akuti atopa.

Alamu ndi amene anaulula. Lachinayi Bambo anatenga simbi kuti asite kolala ya shati ya kasitomala, dzanja lamanzere atatsamiza pa nsalu. Alamu anamva fungo ali kukhitchini. Bambo sanamve chilichonse. Anawaletsa kundiuza.

Ndinakalipa, ine amene sindikalipa. Ndinati simbi tinakuletsani, Bambo, tinagwirizana.

"Iwe wemwe unati ndakhoza," iwo. "Ndinati ngati adokotala akuti dzanja labwerera, ndiyese."

"Koma munadziwa kuti simukumva!"

"Ndimadziwa bwanji? Ukandifunsa ndimaona ngati pali kanthu. Ndiye nkhope yako ukamachoka ku ntchito kuja, ngati munthu wobwera ku maliro. Lachiwiri unaseka. Ndinali ndisanakuone ukuseka mwezi wonse."

Ndinawatsuka ndi madzi a mchere, kupaka mankhwala, kumanga. Sanatsinye nkhope ngakhale pang'ono. Ndikanakonda akanakuwa.

Alamu, akutola mapini pansi: "Nonse awiri ndinu amodzi. Kunamizana chifukwa cha chikondi, mpaka nyumba idzapsa."

Lamlungu, 9 Malichi

Ndinawaimbira a Sisitala. Ndinafunsa chomwe chimachitika wodwala wathu akalembedwa kuti wayambanso kumva. Akuti kalata imapita ku chipatala chake, ndipo kumeneko amasiya kumuchenjeza za madzi otentha, mbaula, mpeni. A Dalaivala auza kale mkazi wawo kuti ayambiranso kudziphikira tiyi.

Anthu khumi ndi asanu ndi atatu. Makalata sanapite, akudikira Pulofesa asayine tikatumiza zotsatira.

Ndinafunsa ngati adzandiikire kumbuyo. Akuti, "Ine ndine namwino, mwana wanga, pa msonkhano wanu ndimabwera kudzathira tiyi. Koma maso ndili nawo."

Sindikudziwa ngati ameneyo ndi inde kapena ayi. Ndasiya kukhulupirira ma inde.

Lolemba, 10 Malichi

Ndinagogoda kwa Pulofesa. Anali pa foni, anandikodola, ndinaima mphindi khumi ndikuwerenga mitu ya mabuku awo. Atamaliza ndinangofika pa "Pulofesa, pali vuto ndi kayesedwe," iwo akutenga kale jekete.

"A Chipewa andiuza kuti uli ndi nkhawa pang'ono. Ubwere nazo Lachitatu pa msonkhano wa gulu. Mphindi zisanu."

Nkhawa pang'ono. Ndiye a Chipewa afika kale.

Masana ndinaimbira odwala ena anayi omwe amakhala pafupi. Atatu avomera kubwera mawa. Sindinapemphe chilolezo kwa a Chipewa. Ndondomeko yoyamba, yomwe inavomerezedwa ndi komiti, imanena kuti maulendo opanda kukhudza azikhalapo. Amene akutsata lamulo ndine. Ndalemba chiganizo chimenechi pa kapepala n'kuika m'thumba la yunifolomu, kuti ndikayamba kudzikayikira ndizikagwira.

Lachiwiri, 11 Malichi

Atatu onse abwera. Mayi wogulitsa zovala: inde kasanu ndi kamodzi pa khumi, osakhudzidwa. Mphunzitsi wopuma pa ntchito: kasanu. Bambo wa ndodo yachitsulo: kasanu ndi katatu, ndipo ankatchula ndi chala chomwe.

Mphunzitsi anakwiya nditamuuza. "Ndiye mwandiitanira kudzandichititsa manyazi?" Ndinapepesa. Ndinati wolakwa ndine, funso langa ndi lomwe linali loipa. Tiyi anamusiya.

Zimenezi sindinaziganizire. Ndimaona ngati ndikulimbana ndi a Chipewa, koma amene ndikuwalanda kanthu ndi anthu awa.

Ngakhale zili choncho, sindisiya. Thuza la Bambo lero likutuluka madzi.

Lachitatu, 12 Malichi

Msonkhano. Anthu asanu ndi anayi kuzungulira tebulo, a Sisitala pakona ndi fulasiki. Ndinaima. Pepala ndinaliika pa tebulo.

Ndinanena zonse: tsamba lachisanu ndi chiwiri, anthu anayi, sikana yomwe siikuonetsa kusintha. A Chipewa anati anayi mwa makumi awiri, osankhidwa ndi munthu amene anali atatsimikiza kale zomwe akufuna kupeza. Ena anagwedeza mitu movomereza.

Ndiye ndinachita zomwe sindinakonzekere. Ndinati, "Pulofesa, tsinzinani ndikuyeseni." Ndinkaganiza kuti nawonso avomera pabodza, aliyense aone.

Anaseka, anatambasula dzanja, anatsinzina. Maulendo khumi, anayi opanda kukhudza. Anakhoza onse. Ayi, ayi, ayi, ayi, mosazengereza n'komwe. Anatsegula maso akuti, "Ndiye?"

Wina anaseka chapansipansi kumapeto kwa tebulo. A Chipewa anakankhira chipewa kumbuyo. Ine ndinangoima ndi kaulusi m'manja, ndikufuna pansi patseguke.

Kenako a Sisitala, akuthira tiyi, osakweza n'komwe mutu: "Pulofesa, inu dzanja lanu ndi labwinobwino, simukusowa kulota. Komanso simuopa kumukhumudwitsa mwanayu. Chaka chonse simunamufunsepo kuti bambo ake ali bwanji. Odwala aja amamufunsa tsiku lililonse."



Sindikudziwa kumene mawu anachokera, koma ndinati, "Mukatumiza Lachisanu, dzina langa muchotsepo. Ndipo makalata a odwala asapite. Bambo anga apsa ndi simbi chifukwa ndinawauza kuti akhoza. Woyesa ndinali ine, ndiye ndikunena ndine: zomwe ndinayesazo si zoona."

Pulofesa anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akundiona koyamba. Kenako anafunsa a Chipewa kuti maulendo opanda kukhudza anachotsedwa liti. A Chipewa anayamba kufotokoza za kutopa kwa odwala. Pulofesa anati, "Ndafunsa kuti liti." Msonkhano unathera pomwepo.

Ndinakasanza ku bafa. Kenako ndinadya mabanzi awiri.

Lachinayi, 13 Malichi

Uthenga wa Pulofesa kwa gulu lonse, mizere iwiri. Sititumiza chaka chino. Onse makumi awiri ayesedwenso motsata ndondomeko yoyamba, ndipo woyesa akhale yemwe uja.

Palibe zikomo, palibe pepani. Sindikudziwa ngati "yemwe uja" ndi chilango kapena chikhulupiriro. A Chipewa anandidutsa pakhonde ngati ndine chitseko. Mnzanga wa pa desiki yoyandikana nane, yemwe dzina lake linali lachinayi, akuti, "Ukanadikira tipite kaye ku msonkhano, ndinali nditagula kale sutikesi." Ankaseka, koma osati kwambiri.

Ndakonza kayesedwe katsopano ndi a Sisitala. Sindidzafunsanso ndi pakamwa. Kompyuta izilira kabelu, kaya ndakhudza kaya sindinakhudze, ndipo wodwala azikweza dzanja labwinolo ngati wamva. Tisanayambe ndiziwauza poyera: nthawi zina sindikukhudzani, ndipo mukanena kuti simunamve mwandithandiza kuposa kuvomera.

Mwina golovesiyo imathandizadi pang'ono. Ndikufuna itero. Koma ndikufuna ndizione ndi manja awo, osati ndi ulemu wawo.

Lachisanu, 14 Malichi

Lero ndi tsiku lomwe tikanatumiza. Mmalo mwake, a Dalaivala pa mpando, thaulo pansi pa dzanja, kabelu kakulira.

Tiulusi tating'ono tonse, dzanja lawo labwino silinanyamuke. Kokhuthala anakamva. Kotsatira anakamva kasanu ndi kamodzi pa khumi, ndipo popanda kukhudza sanakweze ngakhale kamodzi. Asanayambe golovesi kameneko sankakamva. Ndi pang'ono kwambiri poyerekeza ndi zomwe tinalemba poyamba. Koma ndi kawo.

Anafunsa, "Ndiye chiwongolero ndiiwale?" Ndinati sindikudziwa, koma ketulo asaigwire ndi dzanja limenelo. Anati mkazi wawo asangalala, amanena kale kuti tiyi wawo ndi woipa. Potuluka analonjera kamunthu ka pakhoma kaja, akuti, "Bwana, manja onsewo mungandibwerekeko limodzi?"

Nditaweruka ndinawapeza Bambo pa makina, akuyang'ana alamu akusita. Ndinasintha bandeji. Thuza layamba kuuma. Kenako ndinatulutsa tiulusi, ndinawafotokozera za kabelu, ndinati pano ndizigogoda tebulo ndi chala mmalo mwake.

"Ndiye ukundiyesa ngati ndine wabodza."

"Ndikukuyesani ngati telala, Bambo. Kasitomala akati m'chiuno mwake ndi mochepa, mumalemba zomwe wanena kapena zomwe tepi yanena?"

Anaseka. Anatsinzina.

Gogo. Chete. Gogo. Chete. Kokhuthala komwe, pa chala chachikulu, mpaka kupindika. Chete. Ndinkaona nsagwada zawo zikulimba, akufunafuna. Maulendo khumi.

Anatsegula pakamwa maso ali chitsinzinire. "Palibe, mwana wanga. Palibiretu."

Aka n'koyamba kunditcha choncho pa nkhani ya dzanjali, osati adokotala. Ndinalemba ziro. Alamu anaimika simbi n'kuzimitsa.

Ndinaika tiulusi m'bokosi. Sindinawauze kuti atsegule maso. Ndinangoyala chikhatho changa pa mkono wawo, pamwamba pa bandeji, n'kuyamba kusisita pang'onopang'ono kulowera ku chigongono, monga ndimachitira masiku onse. Sindinagogode tebulo. Sindinafunse.

Patapita kanthawi anakwinya chipumi.

"Ukundigwira?"

Ndinachotsa dzanja, ndinawerenga mpaka makumi awiri mumtima.

"Wasiya."

Ndinabwezeranso.

"Apo. Sindikudziwa kuti ndi pati. Koma pali munthu."